Zofunda za zigamba zimene zidaimira pa mpendero

Amayi anzanga a kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndi inu abambo amene mumagwira singano, lero ndifuna tikambirane za katundu wina amene wadzaza m'masutikesi ndi m'madengu m'nyumba zathu. Ndikunena zofunda za zigamba zimene tidaziyamba ndi changu, n'kuzisoka miyezi yambiri, koma titafika poti tiike mpendero m'mphepete manja adalema. Pagulu lathu la amayi osoka tilipo 9, ndipo titafunsana zidapezeka kuti 6 mwa ife ali ndi chofunda chotere chopindidwa bwinobwino, china chagona zaka 2, china zaka 7. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene adalekera pakati. Zigamba zonse zidalumikizidwa, kukula kwake n'kokwanira bedi, kwangotsala nsalu yozungulira mbali zinayi ndi nsalu yapansi.

Chonsecho kuno kwathu si kosungira chofunda m'sutikesi. Dziko lathu ndi lokwera, phiri la Domwe lokha limapitirira mamita 2,000, ndipo mwera ukayamba mu Meyi suleka mpaka Ogasiti. M'madimba a ku Tsangano chisanu chimawaula masamba a kachewere usiku umodzi wokha. Mwana amagona chokhwinyata, maondo pachibwano, pomwe nsalu yoti im'funditse ili pansi pa bedi lomwelo kudikira mpendero.

Ambiri a msinkhu wanga luso limeneli tidalitola kutsidya, nthawi ya nkhondo. Ife tidathawa mu 1986 n'kukakhala kwa abale m'boma la Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, kuja msewu wa tala uli malire a maiko awiriwa. Anthu a ku Mozambique amene adathawira ku Malawi zaka zimenezo adapitirira 1 miliyoni, ndipo nsalu idali yosowa ngati mchere. Tinkapita kwa atelala a pakhonde la sitolo kukapempha tizidutswa totsala, n'kumalumikiza kuti mwana apeze chofunda. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992 tidayamba kubwerera m'mabwinja athu, singano ili m'duku. Kenaka misika idadzaza ndi zovala zakale zija timati kalamidade, anzathu akutsidya amati kaunjika, ndipo zigamba zidasiya kusowa. Masiku othawa aja sitinkaganiza za mpendero. Tinkangopinda m'mphepete, bola chafunda mwana usiku womwewo. Mantha a mpendero adabwera ndi mtendere, titayamba kufuna kuti chinthu chikongole.

Kulumikiza zigamba ndi ntchito yopanda mantha chifukwa chigamba n'chinthu chotayidwa kale. Ukachidula molakwika umangotola china m'thumba. Umasoka zitatu lero pochokera kumunda, zinayi mawa podikira nyemba kuti zipse, osamva kuti ukugwira ntchito. Mpendero suli choncho. Umafuna nsalu yaitali yosalumikiza, pafupifupi mamita 2, ndipo m'nyumba ya kumudzi nsalu yotere ndi kapulana yathunthu basi. Tsono kapulana si nsalu wamba kwa mayi. Ndiyo mbereko, ndiyo ya pamaliro, ndiyo imene timafanana nayo pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique. Kuika sizasi pa kapulana yatsopano, imene wagula ndi ndalama ya nyemba zako, mtima umagunda ndithu. Ndipo abambo a kunyumba akaona amafunsa ngati mutu ukuyenda bwino, kung'amba nsalu yatsopano kuti ukongoletse nsanza.

Chachiwiri ndi kupotoka. Chofunda chikadali zigambazigamba, maso sadziwa kuti mzere wina ndi wautali kuposa unzake. Koma mukaphonya ndi mamilimita 3 okha pa msoko uliwonse, pa misoko 10 mwaphonya masentimita 3, ndipo ukayandikiza nsalu yoongoka m'mbali zonsezi zimaonekera poyera. Ambiri tidaonapo chofunda cha mnzathu chimene mpendero wake ukuchita mafunde ngati masamba a mpiru, n'kunena chamumtima kuti changa chisadzatero.

Palinso pakamwa pa anthu. Chinthu chosatha sichinyozedwa. Mlendo akachiona umangoti "sindinamalize," iye n'kuyamikira kuti chidzakongola. Ukangomaliza n'kuchiyanika pachingwe, aliyense wopita kumjigo amakhala woweruza. Pajatu akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo ine ndimaona kuti zofunda zambiri zikufera m'masutikesi chifukwa cha maso a anthu odutsa.

Komatu mpendero si chokongoletsa chabe ayi. Taonani lichero. Woluka akhoza kuluka pakati mwaluso lonse, koma akapanda kuika mkombero nsungwi zimayamba kusololoka imodziimodzi mpaka lichero lonse litamasuka. Chofunda cha zigamba n'chimodzimodzi. Msoko uliwonse umathera m'mphepete, ndipo nthawi iliyonse mukachitulutsa kuti muonetse mlendo, n'kuchikung'untha, n'kuchipindanso, misoko ija imayasama pang'onopang'ono ndipo ulusi wa nsalu umayoyoka. Chofunda chimene chadikira zaka 5 sichikhala monga mudachisiyira. Chimakhala chitatamuka m'mbali, ndiye kuti kuzengereza kuja kukukulitsa kupotoka komwe mukuopako.

Ndikuuzeni za achemwali anga, chifukwa kwa iwo ndiko ndidaona mantha a mtundu wina amene sitiwatchula kawirikawiri. Amayi athu atatisiya, zovala zawo zidagawidwa kwa abale monga mwa mwambo. Makapulana abwino adapita kwa amayi aang'ono ndi kwa ena. Otha ntchito, ong'ambika pakati chifukwa cha kubereka ana ndi zidzukulu, adatsalira achemwali. Iwo adadula malo amene adali olimbabe, n'kupeza zigamba 88 za masentimita 17 mbali zonse, kuti akasoka chilichonse chitsale masentimita 15. Adazilumikiza mizere 11 m'litali, 8 m'lifupi, zonse pamanja. Idali ntchito yaudongo kwambiri. Pamenepo adaima zaka 5.

Ndikawafunsa ankati akufuna kuwonjezera mzere umodzi. Koma nsalu za amayi zidali zitatha, ndipo iwo ankadziwa. Tsiku lina tikusenda nyemba adanena zoona zake. "Mng'ono wanga, chikadali chotsegula m'mbalimu ndimamva ngati ndikucheza nawobe amayi. Ndikatseka mbali zinayi ndiye kuti zatha." Sindidawayankhe tsiku limenelo, chifukwa mawu otere sayankhidwa msanga.

Chidasintha zinthu ndi mdzukulu wawo, mtsikana amene amaphunzira sekondale ku Ulongwe ndipo amachita lendi kachipinda ka simenti pamodzi ndi anzake. Adapita mu Febuluwale kukadali kofunda, ndi bulangete limodzi lopyapyala. Pofika mu Meyi adabwera Loweruka lina akutsokomola, milomo itang'ambika. Madzulo ake achemwali adatsegula sutikesi, mwina kungofuna kuona, n'kupeza kuti makoswe alowa ndipo adya zigamba zitatu za pakona. Adakhala pansi nthawi yaitali nsalu ili pamiyendo. Pamenepo ndipo ndidati, "Achemwali, amayi akadakhala moyo akadalola mwanayu kugona ndi chisanu nsalu zawo zikudyedwa ndi makoswe?" Iwo adangoti, "Tsiku la msika upite nane."

Kumsika tidanyamula chofunda chomwecho, titachikulunga kuti anthu asachione. Izi ndikulimbikitsa aliyense: musagule nsalu ya mpendero ndi mutu wokha. Yalani mbali imodzi ya zigamba pa kapulana imene mwaikonda, mubwerere m'mbuyo mapazi 10, muyang'ane. Nsalu za amayi zidali zofwifwa ndi dzuwa ndi sopo, ndipo makapulana ambiri a masiku ano, ochokera ku India ndi ku China, ali ndi maluwa akuluakulu owala. Tikayandikiza yotere, zigamba zinkaoneka ngati zakuda ndi litsiro. Achemwali adasankha yabuluu wodera yokhala ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo ndikuti adasankha bwino. Zigamba zimakhala kale ndi phokoso la mitundu, mpendero uyenera kukhala wofatsa. Komanso m'mphepete ndimo mumakhudza chibwano, mapazi ndi pansi, tsono mtundu wodera umabisa litsiro. Nsalu zoterera zonyezimira zija ine sindizifuna n'komwe pa chofunda. Zimathawa pansi pa singano, ndipo zikayandikira moto zimasungunuka.

Titafika kunyumba tidachapa kapulana ija kawiri, n'kuiyanika pamthunzi, n'kuisita ndi simbi ya makala. Apa pasakhale ulesi. Nsalu ya thonje yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba, pomwe zigamba zakale zidafupika kalekale. Mukasoka yosachapa, tsiku loyamba kuchapa chofunda mpendero udzakoka zigamba n'kuzikhwinyatitsa. Komanso utoto wa nsalu zina umachucha, ndipo ndi bwino uchuchire m'beseni kusiyana ndi pa zigamba zoyera. Zigamba zitatu zodyedwa zija achemwali adazisomola n'kuikapo za diresi lawo lakale. Kenaka tidasoka msoko umodzi kuzungulira chofunda chonse, chala chimodzi chosakwana kuchokera m'mphepete, kuti misoko yoyasama ija igwirane.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni imene imachotsa mafunde, ndipo amene akuwerenga mothamanga aime pano. Musayeze m'mphepete. Yezani pakati. Tidasesa pansi, n'kuyala mphasa, n'kuyala chofunda osachikoka. Titayeza m'litali kudutsa pakati penipeni tidapeza masentimita 167. Mbali ya kumanzere idali 170, ya kumanja 172. Mbali zimatalika choncho chifukwa ndizo zimagwiridwa ndi kukokedwa, pomwe pakati pamagwirana ndi zigamba zinzake mbali zonse. Ndiye muyeso woona wa chofunda ndi wapakatiwo. Tidadula mizere iwiri ya mpendero yofanana ndendende, iliyonse 167, osati ina 170 ina 172. Amene alibe tepi yoyezera atenge chingwe cha khonje, chifukwa sichitamuka, amange mfundo pamene muyeso wathera.

Anthu ambiri, ngakhale atelala ena, amangotenga mzere wautali n'kuusoka m'mbali, ukatsala n'kudula. Mukatero mpendero umatsata kutalika kwa mbali yotamuka ija, mwinanso kuposa, ndipo mafunde amabadwira pomwepo. Mukadula poyamba, mpendero ndiwo umalamula, mbali yotamuka n'kubwerera m'malo mwake.

Kapulana imodzi imakwana. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 2, m'lifupi kupitirira pang'ono mita imodzi, choncho imatulutsa mizere 6 ya masentimita 17, pomwe ofunika ndi 4 okha. Dulani motsata utali wa nsalu, chifukwa mbali imeneyo siitamuka kwambiri. Nsalu ya thonje mukaitema pang'ono ndi sizasi n'kuing'amba ndi manja imang'ambika moongoka kuposa mmene dzanja lingadulire. Kam'mphepete kolimba kaja, kamene nthawi zina kamalembedwa dzina la fakitale, kachotseni, kamakoka msoko. Achemwali adagwira sizasi n'kuiikanso pansi kawiri. Kachitatu adatema, ine n'kung'amba, ndipo phokoso la nsalu litamveka adaseka koyamba tsiku limenelo, nati, "Basi yapita, siibwereranso kumsika."

Mzere uliwonse tidaupinda pakati, n'kupindanso, n'kulemba malo atatuwo ndi kachidutswa ka sopo. Tidachita chimodzimodzi ndi mbali ya chofunda. Kenaka tidakumanitsa pakati ndi pakati, nsonga ndi nsonga, zizindikiro zina ndi zinzake. Masentimita 5 owonjezera a mbali ya kumanja aja atagawika panayi adasanduka kanthu kochepa, kongosisita ndi chala n'kulowa. Tidalibe mapini okwanira, ndiye tidayamba tagwiriziza ndi ulusi woyera, misoko italiitali yodzasolola pambuyo. Amene ali ndi makina, kaya Singer kaya Butterfly, aike mbali yotalikirapoyo pansi, chifukwa mano a makina amakoka nsalu yapansi mofulumirirapo pang'ono ndipo amameza kutalika kuja. Ife tidasoka pamanja, msoko wobwerera m'mbuyo, n'kusita msokowo kuti ugonere ku mpendero. Titatha mbali ziwiri zazitali tidayezanso m'lifupi kudutsa pakati, pamodzi ndi mipendero yatsopanoyo, tidapeza 152, n'kudula mizere iwiri yotsala. Za makona odula mopendeka ngati a felemu ya chithunzi, zisiyireni a m'tauni. Mzere wam'mwamba ukangodutsa pamwamba pa wam'mbali, kona yatha, ndipo ndi yolimba.

Dzuwa lisanalowe chofunda chidali chitazunguliridwa. Ntchito imene idaopedwa zaka 5 idatenga kuchokera m'mawa mpaka nthawi yotsekera mbuzi. Ndipo zigamba zija, zimene zinkaoneka zobalalika, zitalowa m'kati mwa buluu uja zidakhala pansi ngati ana amene mphunzitsi walowa m'kalasi. Achemwali adayamba kuloza: iyi amayi ankavala kumunda, iyi ndi imene adandiberekera mwana wanga woyamba, iyi adagula titangobwerera kuchokera kutsidya.

M'mawa mwake tidaitana amayi awiri oyandikana nawo, pakuti kuyala magawo atatu si ntchito ya munthu mmodzi. Pansi tidayala bedishiti ya pa kalamidade, yochapa, nkhope yake kuyang'ana pansi, yopitirira chofunda ndi masentimita 5 mbali zonse. Makapulana awiri akale olumikiza amagwiranso ntchito yomweyo. Pakati tidaika bulangete lakale lotuwa, la mtundu uja tinkalandira kothawa nkhondo, lopyapyala moti lokha silingafunditse munthu, titalidula molingana ndi chofunda. Pamwamba ndiye zigamba. Ena amasoka mizere kudutsa magawo onse atatu, ndipo zimakongola, koma zimadya masabata. Ife tidamanga mfundo. Pa kona iliyonse ya chigamba tidalowetsa singano yaikulu ndi ulusi wolimba wophatikiza, kutsika mpaka pansi n'kubwerera, kawiri, n'kumanga mfundo ziwiri. Tidayambira pakati kumka kunja, tikusalaza ndi zikhatho, kuti makwinya athawire m'mbali. Zidakwana mfundo 108. Musatalikitse mfundo kuposa chikhatho ndi zala zake, kuopa kuti bulangete la m'kati lingadzaunjikane mbali imodzi pochapa.

Chomaliza ndi kutseka m'mphepete. Bedishiti yopitirira ija tidaipinda kawiri kubwera pamwamba, kuti iphimbe nsonga za bulangete ndi za mpendero, n'kuisoka ndi timisoko tating'ono. Chofunda chidatha chili masentimita 195 m'litali ndi 150 m'lifupi, ndiye kuzungulira konse ndi pafupifupi mamita 7. Munthu mmodzi akhoza kutopa nazo. Ife tidakhala anayi, aliyense mbali yake, nkhani zili m'kamwa, ndipo tidakumana m'makona nsima ya masana isanapse.

Kodi chidatuluka choongoka ngati cha m'sitolo? Ayi. Kona imene kudali makoswe idatsalabe yopendeka pang'ono, ndipo amene ali ndi maso a telala akhoza kuona. Titachiyanika pachingwe kuti tichione bwino, mayi wina wodutsa adaima nati, "Bwanji simudaike yofiira? Ikadawala." Achemwali adayankha mofatsa kuti, "Zikomo amayi, yofiirayo tidzaona pa chanu." Mayiyo adaseka n'kuvomera kuti chake chili m'dengu chaka chachitatu. Choncho oweruza aja tinkawaopa, ambiri ali ndi mlandu womwewo kunyumba.

Amene manja awo salolanso singano, kapena maso adayamba kuchita chidima, palibe manyazi kupita nacho kwa telala. Koma chapani nokha nsalu, yezani nokha pakati, dulani nokha mizere inayi, mukam'patse zodulidwa kale ndi zizindikiro zake. Telala wa pamsika amakhala ndi mayunifolomu a ana a sukulu amene akum'dikira, sangagwade pamphasa kuti ayeze chofunda chanu katatu. Ndiponso chofunda cha magawo atatu chikanyowa chimalemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo mu Juni sichiuma tsiku limodzi. Muzichichapa dzuwa la Okotobala, n'kuchiyanika pa zingwe ziwiri kapena pa udzu woyera kuti kulemera kwa madzi kusakoke misoko.

Mizere iwiri yabuluu imene idatsala achemwali adailumikiza n'kusoka kathumba kotsekera ndi chingwe, koikamo sopo ndi mafuta odzola. Lamulungu masana mtsikana uja adasenza chofunda chokulunga pamutu mpaka pamsewu, agogo ake akum'perekeza ndi malangizo akuti asachiyale pasimenti popanda mphasa, n'kukwera chapa ya ku Ulongwe. Atabweranso patchuthi chifuwa chidali chitatha. Adati usiku wozizira kwambiri amalumikiza mphasa n'kugona atatu m'chofunda chimodzicho, ndipo mnzake wina wa ku Domwe wapempha kuti akamulembere miyeso ija papepala, akapatse amayi ake.